Chizindikiro Chimodzi, Malamulo Awiri: Mbiri ya Zojambula za Mainjiniya

Pa chojambula chimene injiniya amatumiza ku fakitale kuti amisiri apange chiwalo cha makina, pamakhala kabokosi kakang'ono kotalika, kogawidwa m'zipinda zingapo. M'chipinda choyamba mumakhala chizindikiro: mwina bwalo lokhala ndi mtanda pakati, mwina mizere iwiri yopendekeka yoyenda limodzi, mwina mabwalo awiri, lina m'kati mwa linzake. M'chipinda chachiwiri mumakhala nambala, monga 0.05, ndipo m'zipinda zotsatira mumakhala zilembo A, B ndi C. Kabokosi kameneka mudzakapeza ku Detroit, ku Stuttgart, ku Nagoya ndi ku Pune, ndipo kulikonse kamaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amauzidwa kuti zizindikirozi ndi chilankhulo cha dziko lonse chosafuna womasulira. Komatu oyeza awiri odziwa ntchito yawo, wina wotsatira buku la ku America la ASME Y14.5, wina wotsatira mabuku a ISO, angapatsidwe chitsulo chimodzi ndi chojambula chimodzi, wina n'kuchivomereza, wina n'kuchikana, popanda aliyense wa iwo kulakwitsa. Kusiyanaku sikunabwere chifukwa cha kusasamala kwa makomiti. Zizindikirozi zinabadwira m'mafakitale, ndipo zimasungabe njira imene eni ake ankayezera zitsulo. Mayiko anamvana pa kaonekedwe ka zizindikiro, koma sanamvane pa zimene chojambula chimatanthauza pamene chakhala chete, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Kale chojambula chinalibe mphamvu yotere. Mmisiri wa mfuti kapena wa wotchi ankasema chiwalo chimodzi, n'kuchiyesa pa chinzake, n'kupala ndi tupa mpaka ziwirizo zitagwirana. Mfuti iliyonse inali ndi ziwalo zakezake, ndipo ikathyoka kunkhondo inkadikira mmisiri. Gaspard Monge, mphunzitsi wa pa sukulu ya asilikali ku Mézières m'dziko la France, ndiye anaika m'dongosolo njira yoonetsera chinthu kuchokera mbali zosiyana pa pepala limodzi. Ankhondo anaisunga mwachinsinsi zaka zambiri, mpaka anayamba kuiphunzitsa poyera mu 1795, buku lake n'kutuluka mu 1799. Koma njira ya Monge inkaonetsa chinthu changwiro, chimene palibe makina angachipange. Sinkanena kuti chitsulo chenicheni chingapatuke mpaka pati chisanatayidwe. Yankho la funso limenelo linayamba kupezeka m'manja, osati pa pepala. Mu 1785 Thomas Jefferson, ali ku France, anaona Honoré Blanc atamasula makina owombetsa mfuti okwana 50, ndipo iye mwini anatola ziwalo mwachisawawa n'kumanga angapo amene anagwirana bwino. Ku America ulemu unapita kwa Eli Whitney, koma ofufuza atamasula mfuti zake anapeza kuti ziwalo zake sizinkasinthana. Amene anaikwanitsadi ntchitoyi ndi John Hall wa ku Harpers Ferry, amene mfuti zake 100 zinamasulidwa, kusakanizidwa ndi kumangidwanso pamaso pa oyendera a boma kumapeto kwa 1826. Chimene Hall ankadalira chinali mageji ambirimbiri.

Geji ndi chitsulo cholimba chopangidwa mosamala kuti chiziweruza zitsulo zinzake. Ya bowo imakhala ndi mitu iwiri, umodzi woyenera kulowa, wina wosayenera kulowa. Woyeza safunika kuwerenga nambala iliyonse. Amangokankha pang'ono, chitsulo n'kuyankha chokha. Mu 1905 William Taylor wa ku Leicester ku England, pokonza mageji oyezera mazinga, anakhazikitsa lamulo limene likudziwikabe ndi dzina lake. Geji yolowa iyenera kukhala ndi maonekedwe athunthu a chiwalo chimene chidzalowe m'malomo, utali wake wonse, kuti iyese zonse nthawi imodzi. Geji yosalowa iziyesa malo amodziamodzi, pogwira malo awiri oyang'anizana. Nzeru yake n'njosavuta kuiona. Nzimbe yokhota ingakhale yowonda paliponse pamene mwaigwira, komabe osalowa m'paipi yoongoka. Choncho kwa Taylor kukula ndi kuongoka sizinali nkhani ziwiri, chifukwa funso lake linali limodzi lokha, loti chidzalowa kapena ayi. Funso limeneli ndilo muzu wa theka la mkangano wa lero.

Vuto la geji ndi loti imakhala pa benchi imodzi. Ntchito ikagawidwa ku mafakitale a m'mizinda ina, aliyense ayenera kupanga mageji ake, ndipo kuti atero ayenera kukhulupirira nambala. Carl Edvard Johansson wa ku Eskilstuna ku Sweden anathandiza ndi timidadada take tachitsulo, tosalala kwambiri moti tikakhudzana timamatirirana, timene munthu amasanja kuti apeze utali umene akufuna; Henry Ford anamutengera ku Dearborn mu 1923. Manambalawo anali ndi mavuto awonso. Inchi ya ku Britain inali yaifupi pang'ono poyerekeza ndi ya ku America, ndipo mafakitale anakumana pa mamilimita 25.4 m'zaka za m'ma 1930, maboma n'kutsatira mu 1959. Popeza chitsulo chimafutukuka chikatentha, mu 1931 anagwirizana kuti utali uliwonse ukhale wa pa madigiri 20 a Celsius, ndipo pa miyezo yonse ya ISO umenewu ndiwo uli ndi nambala 1. Madigiri 20 amenewa simudzawaona pa chojambula. Ndi lamulo lobisika, ndipo chifukwa mayiko onse analivomera, silivutitsa munthu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo inaulula kuchuluka kwa malamulo obisika amene mayiko anali asanamvane. Mu 1940 kampani ya Packard ku Detroit inavomera kupanga injini ya ndege ya Merlin ya Rolls-Royce. Zojambula zitafika, zinaoneka kuti sizingaperekedwe kwa amisiri mmene zinalili. Angelezi, monga ambiri a ku Ulaya, ankaika chithunzi cha mbali ya kumanzere kwa chinthu kudzanja lamanja la pepala, pamene a ku America ankachiika kumanzere. Mmisiri wowerenga mwa chizolowezi chake akanaboola mbali yolakwika. Mazinga a mabawuti anali a Whitworth, a madigiri 55, pamene a ku America anali a Sellers, a madigiri 60, moti Packard inachita kudzipangira mabawuti ndi manati a Chingelezi. Ku Trafford Park, pafupi ndi Manchester, mainjiniya a Ford nawonso anajambulanso injiniyo, ndipo Stanley Hooker wa ku Rolls-Royce akusimba m'buku la moyo wake kuti iwo anadandaula kuti malire a pa zojambulazo anali otakasuka kwambiri kwa anthu opanga ziwalo zosinthana. Packard inapanga mainjini oposa 55,000, Ford oposa 30,000. Pali okokomeza nkhaniyi ngati kuti Rolls-Royce inkapala chilichonse ndi tupa. Si choncho, chifukwa mafakitale ake a ku Derby, Crewe ndi Glasgow pamodzi anapanga ochuluka kuposa a Packard. Chimene chinaoneka n'chakuti chojambula chinkatsamira pa zizolowezi za nyumba imene chinabadwira, ndipo chikatuluka m'nyumbamo chinkasowa chotsamira. Nkhondo itatha, kumapeto kwa 1948, America, Britain ndi Canada anasainirana za mazinga amodzi.

Pa zaka za nkhondo zomwezo, ku fakitale ya boma la Britain yopanga ma torpedo ku Scotland, Stanley Parker anazindikira chinthu chimene ena ankangochidutsa tsiku ndi tsiku. Malo a bowo ankalembedwa ndi manambala awiri, mtunda wochokera m'mphepete ina ndi wochokera m'mphepete inzake, uliwonse ndi malire ake. Tinene kuti bowo laloledwa kupatuka ndi mamilimita 0.1 kumanja kapena kumanzere, ndiponso 0.1 m'mwamba kapena m'munsi. Malo ololedwawo ndi kabokosi ka mbali zinayi zofanana. Bowo lopatuka 0.1 kumanja ndiponso 0.1 m'mwamba lili pa ngodya ya kabokosiko, mtunda wa pafupifupi 0.14 kuchokera pamalo ake enieni, ndipo woyeza amalivomereza. Bowo lopatuka 0.12 kumanja kokha lili pafupi kuposa linzakelo, koma woyeza amalikana. Chonsecho bawuti ndi yozungulira, bowo ndi lozungulira, ndipo bawutiyo ilibe nazo ntchito kuti kupatukako kwalowera kuti. Parker anati malo ololedwa akhale bwalo lozungulira malo enieni a bowolo. Bwalo lodutsa pa ngodya zinayi za kabokosi kaja limaposa kabokosiko ndi magawo 57 pa 100 alionse, ndiye kuti ziwalo zabwino zimene zinkatayidwa pa nthawi ya nkhondo zikanatha kugwira ntchito. Analemba maganizowa mu 1940, ndipo buku lake la Drawings and Dimensions linatuluka mu 1956. Pa maziko omwewo panamangidwa mfundo imene lero imalembedwa ndi chilembo M m'kati mwa bwalo: bowo likatuluka lokulirapo kuposa malire ake aang'ono, mpata woonjezerawo ungaperekedwe ku kupatuka kwa malo ake, chifukwa bawuti idzalowabe. Awa ndi maganizo a munthu wogwira geji m'manja.

Kenako maganizowa analowa m'mabuku. Asilikali a ku America anatulutsa MIL-STD-8 mu 1949, Britain inawaika mu BS 308 ya 1953, ndipo Y14.5 yoyamba inatuluka mu 1957. Poyamba zofunikazo zinkalembedwa m'mawu a Chingelezi pambali pa chithunzi. Mawu amavuta kuwoloka malire a mayiko, choncho ISO, imene inakhazikitsidwa mu 1947, inatulutsa ndandanda ya zizindikiro mu 1969 pansi pa nambala 1101, ndipo America inasiya mawu pang'onopang'ono m'makope a 1966, 1973 ndi 1982. Mu 1994 inafika posiya njira yake yolembera datum, malo amene miyezo imayambira, n'kutenga kachizindikiro ka makona atatu ka ISO. Mu 2000 Britain inapumitsa BS 308 n'kuika BS 8888, imene imatsogolera wowerenga ku mabuku a ISO. Woyang'ana patali akanati ntchito yatha.

Tengani pini yachitsulo yotalika mamilimita 100, imene chojambula chikuti kunenepa kwake ndi mamilimita 10, kuonjeza kapena kuchotsa 0.05, popanda chizindikiro china chilichonse. Yatuluka pa makina ili yokhota pang'ono, pakati patatukuka ndi 0.2. Woyeza akuigwira ndi micrometer kumutu, pakati ndi kumchira, ndipo paliponse akuwerenga 10.00. Mwa ASME Y14.5 piniyi yalephera. Lamulo loyamba la bukulo, limene ndi la Taylor lomwe lija, limati chiwalo chonse chikwane m'kati mwa silinda yangwiro ya kukula kwakukulu kololedwa, pano 10.05, ndipo pini yokhota chotere imafuna bowo la 10.2. Mwa ISO piniyi yadutsa pa kukula. ISO 8015, imene inayamba mu 1985, imati chofunika chilichonse cholembedwa pa chojambula chimaima pachokha: kukula kwakekwake, kuongoka kwakekwake, ndipo kukula kumayezedwa pogwira malo awiri oyang'anizana. Wofuna lamulo la Taylor alembe chilembo E m'kati mwa bwalo pambali pa nambalayo. Ku America n'zotembenuka, chifukwa kuyambira mu 2009 wosalifuna lamulolo ndiye amalemba I m'kati mwa bwalo. Mabuku onse awiri angathe kunena zonse ziwiri, koma wojambula akapanda kulemba, aliyense amadzaza mpatawo ndi yankho lake. Ndipo kukhota si msampha wokhawo. Makina ena onolera amatulutsa pini ya mapewa atatu, imene micrometer imaiwerenga mofanana mmene mungaitembenuzire, monga imachitira ndalama ya 50 pence ya ku Britain ya mbali 7, koma pini yotere singalowe m'mphete ya kukula komweko.

Wina angaganize kuti malire a mkanganowu ali pa nyanja ya Atlantic, America uku, Ulaya uko. Mbiri ya Germany ikusonyeza kuti alinso pa kalendala. Kuyambira mu 1987, DIN 7167 inkati chojambula cha ku Germany chosatchula ISO 8015 chiwerengedwe ndi lamulo la Taylor, chimodzimodzi ku America. Mu 2011 ISO 8015 inalembedwanso ndi mfundo yoti wogwiritsa ntchito gawo lililonse la dongosolo la ISO waitana dongosolo lonse, ndipo DIN 7167 inachotsedwa. Injiniya wa ku Stuttgart wojambula pini yathu ija mu 2005, ndi mnzake woijambula mu 2015 ndi mizere yomweyo ndi manambala omwewo, anaitanitsa zinthu ziwiri zosiyana. Zomwezi zinachitikira zilembo za ISO 286, monga H7 ya bowo ndi g6 ya shafiti, zimene wophunzira aliyense wa ntchito ya makina amaziloweza. M'kope la 1988 zinkabwera ndi lamulo la Taylor. M'kope la 2010 sizibweranso nalo pokhapokha E atalembedwa. Apa ndikuona kuti ISO inayenda molakwika, ngakhale cholinga chake chinali chomveka. H7 ndi g6 zilipo chifukwa cha funso limodzi, loti shafiti idzalowa m'bowo n'kuyendamo bwino. Kuchotsa chitsimikizo chimenecho, zilembo n'kukhala zomwezo, kunasenzetsa ngozi amisiri ndi ogula amene sangagule kope latsopano la buku lililonse likangotuluka.

Komabe sichingakhale chilungamo kunena kuti ISO inangotaya nzeru za akale. Pali ziwalo zambiri zimene sizilowa m'chinthu china, monga chitsulo chachitali chochirikizira kapena mbale yopyapyala. Kuzikakamiza kuongoka mwangwiro ndi kutaya ndalama, ndipo ASME yomwe imavomereza izi, chifukwa pa lamulo lake loyamba imapatulapo mipiringidzo, mapaipi ndi malata ogulidwa okonzakonza, komanso ziwalo zopindika zokha. Koma chachikulu n'chakuti woweruza anasintha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Ferranti ku Scotland inapanga makina oyeza pokhudza chitsulo malo osiyanasiyana n'kuonetsa pamene chakhudzidwa, amene lero amatchedwa CMM ndipo amayenda ndi kompyuta. Makinawa sakankha pini m'bowo. Amatola madontho, kompyuta n'kuwerengera bwalo loyenera madonthowo. Koma mabwalo oterewa ndi angapo: laling'ono lozinga madontho onse, lalikulu lokwana m'kati mwawo, ndi lodutsa pakatikati pawo, ndipo lililonse lili ndi pakati pakepake. Mu 1988 ku America kunatuluka chenjezo loti mapulogalamu a makinawa ankapereka mayankho osiyana pa chiwalo chimodzi. Zinadziwika kuti zizindikiro zimene geji inkazimasulira yokha zinalibe tanthauzo lokwanira kompyuta. ASME inayankha mu 1994 ndi buku la masamu, Y14.5.1, lomasulira zizindikiro zake m'njira yosunga maganizo a geji. ISO inakhazikitsa komiti ya TC 213 mu 1996, imene inayamba kumanga zonse kuchokera pansi, sitepe iliyonse ya kuyeza n'kukhala ndi dzina lake ndi chizindikiro chake. N'chifukwa chake Y14.5 ndi buku limodzi limene mmisiri angaike pa benchi, pamene dongosolo la ISO ndi mabuku oposa 100.

Chizindikiro cha mabwalo awiri chija chikuonetsa bwino mmene njira ziwirizi zinapatukirana. Mwa ISO chimafunsa ngati pakati pa bwalo lina pagwera pakati pa linzake. ASME ya 1994 inachimasulira mwina: gwirani malo awiri oyang'anizana pa nkhope ya chitsulo, pezani pakati pawo, bwerezani kuzungulira chitsulo chonse, ndipo malo apakati onsewo akhale m'malire. Pini ya mapewa atatu ija ingakhale pakati penipeni mwa ISO koma n'kulephera mwa ASME. Kuyeza kwake kunali kovuta, ojambula ambiri ankachilemba akutanthauza china, ndipo mu 2018 ASME inachichotsa pamodzi ndi chizindikiro cha kufanana kwa mbali ziwiri, zizindikiro 14 n'kutsala 12. ISO ikadali nazo zonse ziwiri. Ngakhale bwalo la mtanda, limene limanyamula maganizo a Parker, silinapulumuke. Mwa ASME limalamulira mzere woongoka wa pakati pa silinda yaikulu koposa imene ingalowe m'bowolo, ndiye kuti mzere wa geji yongoganizira. Mwa ISO limalamulira mzere weniweni wa pakati pa bowolo, wokhota mmene bowolo lakhotera. Pa mbale yopyapyala kusiyanaku sikuoneka, koma pa bowo lakuya loboola ndi drill yaitali, imene imakonda kusochera, ndiko kungagamule kuti katundu alandiridwe kapena abwezedwe.

Otsutsa ali ndi mawu awo, ndipo si opanda pake. Ena amati mabuku awiriwa amagwirizana pa zambiri, ndipo ziwalo zochuluka zimadutsa mwa onse awiri. N'zoona. Koma malire sanalembedwere chiwalo chabwino, chifukwa chopangidwa pakatikati pa malire sichifuna woweruza. Analembedwera tsiku limene katundu wafika, sakulowa, ndipo wogula ndi wopanga akufunsana kuti alipire ndani. Tsiku limenelo chojambula chimawerengedwa ngati pangano, ndipo kambali kakang'ono kamene mabuku amasiyana ndiko kali pa mlandu. Ena amati makina a masiku ano olamulidwa ndi kompyuta ndi olondola kwambiri moti pini yokhota ndi nkhani yakale. Koma chitsulo chimakhota chitachoka kale pa makina: chikatenthedwa kuti chilimbe, chikawotcheredwa, kapena chikangomasulidwa pa chopanira. Komanso makina akamalondola, ojambula amachepetsa malire, moti mpata sukula. Enanso amati pepala likutha, fakitale tsopano imalandira chithunzi cha pa kompyuta chooneka mbali zonse. Chithunzi chimenecho n'changwiro ngati cha Monge, ndipo malire amamatidwabe pa icho ndi tibokosi tomweti, motsatira ASME Y14.41 kapena ISO 16792. Pulogalamu yowerenga tibokosito n'kuyendetsa CMM iyenera kuuzidwa buku loti itsatire, ndipo ikauzidwa lolakwika imalakwitsa mofanana pa chiwalo chilichonse.

Mawu olimba koposa ndi a amene amati ngati vuto ndi mabuku awiri, limodzi life. Zinatheka ndi inchi, zinatheka ndi madigiri 20, nanga apa chikuvuta n'chiyani? Pa inchi mayiko ankasiyana ndi timagawo tochepa pa miliyoni, ndipo ziwalo zakale sizinamve kusinthako. Apa akusiyana pa munthu amene atetezedwe wojambula akaiwala. ASME imateteza womanga makina: mukaiwala kulemba, chiwalo chidzalowabe, ngakhale mwina mwalipira zochuluka. ISO imateteza wopanga: simungamufunse chimene simunalembe. Zonse ziwiri n'zomveka, ndipo pa ziwalo zolowana ine ndimapendekera kwa Taylor, chifukwa kulipira pang'ono koonjezera n'kopepuka kusiyana ndi makina oima kudikira pini ina. Koma ngakhale komiti itasankha mawa, zojambula zakale sizingasinthe. Ndege za B-52 zimene America ikuulutsabe zinatha kupangidwa mu 1962, Y14.5 ili ndi zaka zisanu zokha, ndipo chojambula chimawerengedwa ndi kope la buku limene chinajambulidwira. Kusankha buku limodzi lero kungangoonjezera chaka china choti wowerenga azikumbukira, monga 2011 inachitira ku Germany. Ngakhale pangano la mazinga la 1948 silinaphe akale aja. Madigiri 55 amene Joseph Whitworth anaika mu 1841 akadali pa mazinga a BSP a mapaipi a madzi amene mapulambala a ku Blantyre ndi ku Lusaka amamanga tsiku lililonse.

Mtolowu umalemera kwambiri kwa ogula makina kuposa kwa owapanga, chifukwa wopanga amakhala m'buku limodzi, pamene wokonza makina a fakitale ya shuga kapena a mgodi wa mkuwa amalandira zojambula zochokera m'mayiko ndi m'zaka zosiyana. Mjigo wa Afridev, umene unayambira pa ntchito ya ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kukamalizidwa ku Kenya, si wa kampani imodzi. Ndi zojambula zotseguka kwa aliyense, ndipo ziwalo zake zambiri zimapangidwa ku India. Sipeya yogulidwa lero imalowa m'silinda imene inatsitsidwa m'chitsime zaka khumi zapitazo pokhapokha ngati opanga onse akuwerenga malire omwewo ndi buku lomwelo. Choncho kuwerenga chojambula kumayambira pa ngodya ya m'munsi kudzanja lamanja, pamene pamakhala dzina la chiwalo. Pamenepo pali kachithunzi kosonyeza mbali imene zithunzi zaikidwa, pali mawu onena ngati ndi mamilimita kapena mainchi, ndipo payenera kukhala dzina la buku ndi chaka chake. Zikasowa, mwini chojambula afunsidwe molemba chitsulo chisanadulidwe. Wojambula amene sakudziwa kumene pepala lake lidzakathere alinso ndi njira. Pa pini iyenera kulowa m'bowo, alembe chizindikiro cha kuongoka pansi pa nambala ya kunenepa kwake, malire ake akhale 0, motsatana ndi M wa m'bwalo. Woyeza wa ASME ndi woyeza wa ISO onse adzamva kuti piniyo ikwane m'silinda ya 10.05 utali wake wonse, ndipo yokhota ndi 0.2 ija adzaikana onse awiri.